Matayala aakulu ndi kukweza galimoto ya 4x4: njira zisanu ndi amene iliyonse ikumuyenera

Mvula ikakhazikika, misewu yafumbi imene mumadutsa mathirakitala ndi malole onyamula feteleza, chimanga kapena nzimbe imakumbika ngalande ziwiri zakuya, ndipo pakati pake pamatsala mtumbira wolimba umene umakola galimoto iliyonse yofupika. Mwini Prado, Fortuner, Pajero kapena Land Cruiser amene wamvapo zitsulo za pansi zikukhula pamtumbira wotere, kapena watitimirapo m'makande a ku Chikwawa, sachedwa kuganiza zoika matayala aakulu ndi kukweza galimoto yake. Maganizowo ndi abwino, koma ntchitoyi ili ndi njira zingapo zosiyana kwambiri pa ndalama, pa chitetezo ndiponso pa phindu lake, ndipo ogulitsa zipangizo amakonda kutchula kutalika kokha osatchula zimene kutalikako kumawononga. Pano tiyerekeza njira zisanu zimene eni magalimoto amasankhapo.

Chimene chimakwera ndi chimene chimatsala pansi

Pa magalimoto ambiri a mtundu umenewu malo otsikitsitsa ndi difu yakumbuyo, bokosi la magiya logawa mphamvu ku magudumu, limene lili pakati pa ekiselo. Masipuling'i amakhala pakati pa ekiseloyo ndi chesesi, choncho mukawatalikitsa mumakweza chesesi ndi bodi, koma difu imatsala pomwe inali. Chokhacho chimene chimachotsa difu pamtumbira ndi tayala lalitali, ndipo limaikweza ndi theka chabe la kutalika kumene lawonjezera. Kukweza galimoto kumathandiza kuti mabampala ndi mimba ya pakati zisagunde pokwera chitunda kapena potsikira mumtsinje wouma, pamene m'ngalande za thirakitala chothandiza ndi tayala.

Prado 120, Prado 150 ndi Fortuner zambiri zimabwera ndi matayala olembedwa 265/65R17. Nambala yoyamba ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita, yachiwiri ndi kutalika kwa khoma la m'mbali powerengera maperesenti a mulifupimo, ndipo yomaliza ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Tayala limeneli ndi lalitali mamilimita 776. La 265/70R17 ndi mamilimita 803, ndiye kuti difu imakwera ndi mamilimita 13 okha. La 285/70R17, limene ambiri amalitcha la mainchesi 33, ndi mamilimita 831, ndipo difu imakwera ndi mamilimita 27. Kwa amene ali ndi malimu a mainchesi 16, kuchoka pa 265/70R16 kupita pa 265/75R16 kumapereka pafupifupi mamilimita 13 omwewo. Phindu limene munthu akulipirira ndalama zambiri chonchi ndi losakwana masentimita atatu, ngakhale kuti masentimita amenewo nthawi zina ndi amene amasiyanitsa kudutsa ndi kukhala pamtumbira.

Kutalika kowonjezerekako kumakhudzanso zinthu zina. Tayala la 265/70R17 limaposa loyambalo ndi 3.4 peresenti, ndipo la 285/70R17 limaposa ndi 7 peresenti. Wotchi ya liwiro imayamba kuonetsa liwiro lochepa ndi mlingo womwewo, magiya onse amakhala ngati atalika kotero kuti galimoto imanyamuka mofooka, ndipo mabuleki amafunika mphamvu yochulukirapo kuti aimitse gudumu lalikulu ndi lolemera.

Muyeneranso kudziwa mapangidwe a galimoto yanu, chifukwa si njira zonse zimene zimatheka pa galimoto iliyonse. Land Cruiser 76, 80 ndi 105, Nissan Patrol Y61 ndi Suzuki Jimny zili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo ndi kumbuyo komwe, ndipo zimalola kukwezedwa mosavuta. Prado ndi Fortuner zili ndi ekiselo yathunthu kumbuyo kokha. Kutsogolo gudumu lililonse limayenda palokha pa mikono yake ndipo limalandira mphamvu kudzera m'ma CV joint, mfundo zolumikiza ndodo yozungulitsa gudumu, amene sakonda kupendekeka kwambiri. Pajero ya kuyambira cha m'ma 2000, pamodzi ndi RAV4, X-Trail ndi CR-V, zilibe chesesi yapayokha chifukwa bodi ndi chesesi ndi chinthu chimodzi.

Miyeso yoyerekezera

Muyeso woyamba ndi mtengo wonse wa ntchito, osati wa katundu wa m'bokosi yekha: pali malipiro a makaniko, alayimenti, tayala lachisanu la sipeya, tizipangizo timene timadziwika kuti tikufunika galimoto itaphwasulidwa kale, ndi mafuta owonjezereka amene mudzagula kwa zaka zonse zotsatira. Mitengo ya m'makwacha ya katundu wochokera kunja yakhala ikusinthasintha, makamaka chiyambire pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho n'kwanzeru kuyerekeza njirazi pakati pa izo zokha kusiyana ndi kudalira mtengo umene mnzanu anagulira chaka chatha.

Wachiwiri ndi kapezekedwe, ndipo funso lenileni si lakuti katunduyo angapezeke lero ku Lilongwe kapena ku Blantyre, koma lakuti chikaonongeka muli ku Rumphi, ku Nsanje kapena ku Misuku mudzapeza cholowa m'malo mwake patapita masiku angati. Wachitatu ndi kasamalidwe, ndiko kuti ntchito yowonjezereka imene kusinthako kudzabweretsa ku galaja. Wachinayi ndi zoopsa: kugubuduzika, kutalika kwa mtunda woimira, kuthyoka kwa zitsulo, komanso nkhani ya malamulo ndi inshulansi. Galimoto yosinthidwa iyenerabe kupeza COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ku nthambi ya boma yoona za pamsewu ya DRTSS, ndipo kampani ya inshulansi iyenera kuuzidwa mwa kalata ntchito isanachitike, chifukwa kusintha kumene sikunaululidwe kungakhale chifukwa chokanira kulipira ngozi ikachitika.

Njira yoyamba: matayala olimba, saizi yomweyo kapena yokulirapo pang'ono, osakweza

Magalimoto ambiri ochokera ku Japan kapena ku South Africa amafika ndi matayala a H/T, opangidwira phula. Kuwachotsa n'kuika a A/T, opangidwira phula ndi fumbi pomwe, makamaka olembedwa LT amene ali ndi khoma lochindikala, kumasintha galimoto kuposa mmene ambiri amaganizira, chifukwa mavuto ochuluka a m'misewu yathu ndi kuterera ndi kung'ambika kwa matayala pa miyala yakuthwa, osati kufupika. Matayala a M/T, a mano akuluakulu, amataya matope bwino m'makande mmene a A/T amamatirira n'kusalala, koma amasokosa pa phula, amatha msanga ndipo saima bwino pa phula lonyowa. Kwa munthu amene ulendo wake wambiri uli pa M1, ine ndimaona kuti A/T ndi oyenera.

*Mtengo.* Iyi ndi njira yokhayo imene ndalama zake mukanazitulutsabe tsiku lina, popeza matayala amatha. Werengerani matayala asanu, osati anayi. Prado ndi Land Cruiser 80 kapena 100 zambiri zimakoka ndi magudumu onse anayi nthawi zonse, ndipo sipeya yaifupi kuposa anzake imavutitsa difu yapakati mukayenda nayo mtunda wautali. Onjezerani pampu yamagetsi yolumikiza ku batire ndi geji ya mpweya, chifukwa kuphwetsa matayala pang'ono pamchenga wa kunyanja kapena pamsewu wamiyala kumathandiza kwambiri, koma muyenera kuwapopanso musanabwerere pa phula.

*Kapezekedwe.* Masaizi a 265/65R17 ndi 265/70R16 ndi ofala chifukwa ma Hilux a boma, a makampani ndi a mabungwe amawagwiritsa ntchito, monganso 7.50R16 wa Land Cruiser za m'gulu la 70. Saizi ya 265/70R17 imapezeka m'mizinda ikuluikulu mwa mitundu monga BFGoodrich, General Grabber, Goodyear Wrangler, Dunlop Grandtrek ndi Maxxis, koma m'maboma akutali si yodalirika. Pa matayala a kaunjika chenjerani kwambiri. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa, mwachitsanzo 2322 kutanthauza sabata ya 23 ya chaka cha 2022, ndipo tayala lakale kwambiri limauma n'kung'aluka ngakhale mano ake akuoneka atsopano. Olembedwa Studless anapangidwira chipale chofewa cha ku Japan, ndipo pa phula lotentha la ku Salima kapena ku Nchalo amaperepeseka msanga.

*Kasamalidwe.* Kusinthanitsa matayala pa makilomita pafupifupi 10,000 alionse, sipeya ili m'gulu, ndi kuyeza mpweya matayala ali ozizira. Palibe china chowonjezera.

*Zoopsa.* N'zochepa. Tayala lokulirapo lingakhule pa pulasitiki wa m'madigadi mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, ndipo kudula pang'ono pulasitikiyo kumathetsa vutolo. Onetsetsani kuti nambala ya katundu, yolembedwa m'mbali mwa tayala, siikutsika poyerekeza ndi ya tayala loyamba: 112 imanyamula makilogalamu 1,120 pa tayala limodzi, pamene 121 imanyamula 1,450. Matayala a LT ndi olemera ndi ouma, choncho galimoto imagwedezeka kuposa kale ndipo imamwa mafuta ochulukirapo pang'ono.

Njira yachiwiri: ma spacer pamwamba pa masipuling'i

Izi ndi zipangizo zozungulira za aluminiyamu, chitsulo kapena labala wolimba zimene zimaikidwa pamwamba pa sipuling'i kapena pa shock yakutsogolo. Pa Prado ndi Fortuner, spacer ya mamilimita 25 imakweza kutsogolo kuposa kuchindikala kwake, nthawi zambiri kufika pakati pa mamilimita 40 ndi 50, chifukwa shock imamangidwa chapakati pa mkono osati kumapeto kwake. Pa Land Cruiser 100 ndi Pajero zakale, zimene kutsogolo zili ndi ma torsion bar (ndodo zachitsulo zogwira ntchito ya masipuling'i), chofanana nacho ndi kumanga bawuti yokwezera.

*Mtengo.* Ndi yotsika mtengo kwambiri mwa njira zonse zokwezera, ndipo ntchito yake imatha tsiku limodzi, kuphatikizapo alayimenti.

*Kapezekedwe.* Zimapezeka mosavuta, ndipo amisiri ena a ku Biwi kapena ku Ndirande angakusulireni. Kuphweka kumeneku ndi kumene kumandidetsa nkhawa, chifukwa spacer yosulidwa mongoyerekeza, yomangidwa ndi mabawuti osadziwika mphamvu yake, imakhala pamalo ponyamula kulemera konse kwa injini.

*Kasamalidwe.* Ma ball joint (mfundo zolumikiza gudumu ku mikono), mabushi a mikono ndi malabala a ma CV joint amafunika kuyang'anidwa pa sevesi iliyonse.

*Zoopsa.* Sipuling'i ndi shock zimakhala zomwe zija, ndiye ngati zinali zotopa zimakhalabe zotopa, ndipo galimoto siinyamula katundu wochuluka kuposa kale. Choipa kwambiri n'chakuti spacer imakankhira shock yonse pansi, kotero gudumu likalendewera padzenje limatsika kupitirira malire amene opanga anaika, n'kukoka ball joint yapamwamba ndi CV joint. Gudumu likakankhidwira m'mwamba mwamphamvu, shock ingathe ulendo wake labala woimitsira asanagwire ntchito, ndipo imapindika kapena kuchucha. Pa phula la m'tauni zimenezi sizichitika kawirikawiri, koma pamsewu wautali wokumbika monga wopita ku Chelinda kudzera pachipata cha Thazima zimachitika mobwerezabwereza. Kumanga ma torsion bar mopitirira kumachititsa kuti galimoto iume ndi kudya matayala akutsogolo mbali imodzi.

Njira yachitatu: masipuling'i ndi ma shock atsopano, kukweza mamilimita 40 mpaka 50

Apa mumachotsa masipuling'i ndi ma shock onse anayi n'kuika opangidwira kugwira ntchito limodzi pa mtundu wa galimoto yanu. Makampani odziwika pa zimenezi ndi monga Old Man Emu, Ironman 4x4, Tough Dog, Dobinsons ndi EFS a ku Australia, komanso Bilstein wa ku Germany. Ubwino waukulu wa njirayi si kutalika, koma kuti masipuling'i amasankhidwa molingana ndi katundu amene galimoto imanyamula masiku onse. Galimoto yokhala ndi bull bar (chitsulo chachikulu chotchinga kutsogolo) ndi winchi yokokera kutsogolo imafuna masipuling'i ena, ndipo yonyamula majelikani a dizilo, matenti ndi anthu asanu ndi awiri imafuna ena kumbuyo. Cholakwika chofala ndi kugula olimbitsitsa poganiza kuti ndi amene ali abwino. Pa galimoto yoyenda yopanda katundu, masipuling'i otere amachititsa kumbuyo kudumphadumpha pamsewu wafumbi, ndipo matayala osagwira pansi mokwanira amaterereka pokhota.

*Mtengo.* Umaposa wa ma spacer kangapo, ndipo pa katundu woitanitsa pamawonjezeka mayendedwe ndi msonkho wa MRA. Komabe ngati galimoto yayenda makilomita ambiri ndi masipuling'i ake oyamba, gawo lalikulu la ndalamazi ndi la kukonza kumene kunali kofunika kale. Prado zina zili ndi matumba a mpweya kumbuyo m'malo mwa masipuling'i, ndipo zina za 150 zili ndi makina a KDSS, amene amachepetsa kupendekera kwa galimoto pokhota. Zimenezi zimafuna zipangizo zapadera ndi makaniko wozidziwa, choncho mtengo umakwera.

*Kapezekedwe.* Katundu wambiri amachokera ku Johannesburg kudzera pachipata cha Mwanza kapena cha Dedza, ndipo shock imodzi ikaonongeka mungadikire masabata. Sankhani mtundu umene uli ndi wogulitsa wokhazikika m'dziko muno, ndipo musataye ma shock akale ngati akadali ndi moyo. Pali katundu wonamizira wopakidwa mitundu ya makampani otchuka, ndiye funsani nambala za zipangizozo ndi chikalata cha waranti.

*Kasamalidwe.* Musanayambe ntchito, yezani kuchokera pakati pa gudumu kufika m'mphepete mwa madigadi mbali zonse zinayi, n'kulemba. Manambala a opanga amawerengera galimoto yatsopano, choncho yakale imene masipuling'i ake anafwafwala ingakwere kuposa mmene mumayembekezera. Mabawuti a mabushi amangidwe galimoto itaima pa matayala ake, osati ili pa jeke, apo ayi mabushi amapotoka n'kung'ambika m'miyezi yochepa. Pambuyo pake pafunika alayimenti, kutsitsa magetsi akutsogolo kuti asathobwe anzanu usiku, ndi kumanganso mabawuti onse mutayenda makilomita pafupifupi 500. Magalimoto akale ali ndi valavu pa ekiselo yakumbuyo imene imagawa mphamvu ya mabuleki molingana ndi katundu. Galimoto ikakwezedwa valavuyo imaona ngati mulibe katundu n'kuchepetsa mabuleki akumbuyo, choncho iyenera kukonzedwanso. Amakaniko ambiri amaiwala zimenezi, ndipo ndi bwino kuti mwini galimoto azitchule yekha.

*Zoopsa.* Pa mamilimita 50 ma CV joint amapendekeka koma kawirikawiri amapirira, ngakhale malabala ake amatha msanga kuposa kale. Galimoto imapendekera kwambiri pokhota chifukwa kulemera kwake kwakwera m'mwamba, ndipo katundu wa padenga amakulitsa vutoli, makamaka pa makhota a msewu wa Golodi wokwera ku Livingstonia kapena potsika Khwekhwelere kupita ku Golomoti. Masipuling'i olimba sasintha kulemera kumene galimoto inaloledwa kunyamula, chifukwa mabuleki, ekiselo ndi chesesi ndi zomwe zija. Dziwaninso kuti pa Prado ndi Fortuner kukweza kumeneku sikutsegula malo a tayala lalikulu monga mmene ambiri amakhulupirira: gudumu likakankhidwira m'mwamba limafikabe pamene linkafika kale, ndiye tayala limene silikhula galimoto itaima pabwalo lingakhule mukakhota muli padzenje.

Njira yachinayi: kukweza bodi pa chesesi

Timabuloko ta mamilimita 25 mpaka 50 timaikidwa pakati pa bodi ndi chesesi. Njirayi imatheka pa magalimoto a chesesi yapayokha basi. Imatseguladi malo a tayala, ndipo popeza injini, giyabokosi ndi chesesi sizikwera, galimoto siipendekera kwambiri monga pa kukweza masipuling'i. Koma payokha siionjezera ngakhale milimita imodzi pansi pa galimoto.

*Mtengo.* Mabuloko ndi otsika mtengo, koma ntchito ndi yambiri: ndodo ya chiwongolero, chotchinga cha fani ya ladiyeta, paipi yothirira mafuta, ndodo za giya, mapaipi a mabuleki ndi mabampala, zonse zimafuna kusunthidwa kapena kutalikitsidwa.

*Kapezekedwe.* Zipangizo zathunthu zopangidwira mtundu wa galimoto yanu n'zosowa kuno, ndipo zambiri zimene zimaikidwa ndi zosula pagalaja.

*Kasamalidwe.* Kuyang'ana mabawuti a bodi kawirikawiri, ndi kufufuza ming'alu pansi pa bodi pamene mabuloko akhudza.

*Zoopsa.* Mabawuti aatali amapindika mosavuta pa ngozi, ndipo ndodo ya chiwongolero yotalikitsidwa mowotcherera ndi chinthu chimene sindingalole pa galimoto yonyamula anthu. Pa magalimoto okhala ndi ma airbag, kusintha kakhalidwe ka bodi pa chesesi kumasokoneza zimene opanga anayesa pa chitetezo.

Njira yachisanu: kukweza mamilimita 75 kapena kuposa, ndi matayala a mainchesi 33 mpaka 35

Iyi ndi njira imene imakopa maso, ndipo pa Land Cruiser 80, 105 kapena Patrol yomangidwa bwino imafikadi kumene zina sizifika. Vuto lake n'lakuti chinthu chimodzi chikasinthidwa chimakoka chinzake.

*Mtengo.* Ndi wokwera kuposa njira zina zonse, ndipo masipuling'i ndi matayala ndi chiyambi chabe. Pa Prado ndi Fortuner pafunika mikono yapamwamba yatsopano kuti alayimenti itheke, kutsitsa difu yakutsogolo, ndipo kawirikawiri kudula ndi kuwotcherera chitsulo chonyamula bodi kuseri kwa gudumu lakutsogolo, chimene tayala la 285/70R17 limakhulapo. Pa za ekiselo yathunthu pafunika kukonza kapendekeredwe ka ekiselo yakutsogolo, ndodo ya Panhard yosinthika kuti ekiselo ibwerere pakati, ndi mapaipi aatali a mabuleki. Kuti mphamvu ibwerere, magiya a m'difu amasinthidwa, mwachitsanzo kuchoka pa 4.10 kupita pa 4.56 kapena 4.88, ndipo ayenera kusinthidwa kutsogolo ndi kumbuyo mofanana. Pamwamba pa zonsezi pali malimu, jeke yaitali, malo atsopano a sipeya, ndi dizilo. Powerengera mafuta kumbukirani kuti wotchi ya makilomita imakhala ikulemba mtunda wochepa kuposa umene mwayenda.

*Kapezekedwe.* Pafupifupi zonse n'zoitanitsa. Tayala la mainchesi 35 likang'ambika kutali ndi mzinda simungabwereke kwa wina aliyense, choncho ulendo wautali umafuna masipeya awiri. Pogula malimu onetsetsani mabowo ake: Prado, Fortuner, Pajero ndi Patrol zili ndi mabawuti 6 pa mamilimita 139.7, pamene Land Cruiser 100, 105 ndi 76 zili ndi 5 pa mamilimita 150.

*Kasamalidwe.* Mabelingi a magudumu, ma ball joint, ndodo za chiwongolero, kilachi ndi mabuleki zonse zimatha msanga. Giyabokosi ya otomatiki imene magiya ake a m'difu sanasinthidwe imasinthasintha magiya pokwera phiri n'kutentha mafuta ake. Sipeya yolemera imang'amba mahinje a chitseko chakumbuyo cha Prado, ndipo pansi pa Fortuner tayala lalikulu chonchi silikwana bwino.

*Zoopsa.* Mtunda woimira umatalika, ndipo potsika zitunda zazitali monga za Chiweta kapena za msewu wa Blantyre kupita ku Chikwawa mabuleki amatentha msanga, makamaka poti giya yotsikira siigwira galimoto mwamphamvu ngati kale. Ndi tayala loposa ndi 7 peresenti, wotchi imene kale inkaonetsa zoona ikamati 100 mumakhala mukuthamanga 107, zimene apolisi a pamsewu sadzakukhululukirani. Pozemba njinga kapena mbuzi mwadzidzidzi, galimoto yaitali chonchi imagubuduzika mosavuta. Ekiselo yathunthu yakutsogolo imene sinakonzedwe bwino ingayambe kugwedeza chiwongolero mwamphamvu mukagunda dzenje muli paliwiro. Kutalikaku kumapatsanso ena mtima wowoloka madzi osefukira, chonsecho madzi othamanga amakokolola galimoto yaitali monga amachitira ndi yaifupi, ndipo polowera mpweya wa injini ndi timapaipi topumira ta difu sizitetezedwa ndi masipuling'i.

Ndani asankhe iti

Ngati galimoto yanu imayenda pa phula masiku ambiri ndipo imalowa msewu wafumbi popita kumudzi, kumunda kapena ku Liwonde pa tchuthi, gulani matayala asanu a A/T pa saizi imene inabwera nayo kapena yokulirapo ndi sitepe imodzi, pamodzi ndi pampu, ndipo musakweze kanthu. Ndalama zotsala zipite ku chitsulo chotchinga pansi pa injini ndi chingwe chabwino chokokera.

Ngati ntchito yanu ndi ya kumidzi chaka chonse, monga ya ulangizi wa zaulimi, ya zaumoyo, ya mpingo kapena yogula mbewu, ndipo galimoto imanyamula anthu ndi katundu nthawi zambiri, njira yachitatu pamodzi ndi matayala a LT a saizi yofala ndi imene ikuyenerani. Apa kapezekedwe ka tayala n'kofunika kuposa mamilimita 13, choncho kwa woyenda kutali ndi mizinda ndingasankhe 265/65R17 wolimba kusiyana ndi saizi yosowa. Amene amagwira ntchito m'makande a m'chigwa cha Shire kapena a ku Phalombe nyengo yonse yamvula angasankhe M/T, koma achepetse liwiro pa phula lonyowa.

Ngati kutsogolo kwatsika pang'ono chifukwa cha bull bar ndipo ndalama za masipuling'i sizinakwane, spacer yaying'ono yochokera ku kampani yodziwika ingakuthandizeni kwa kanthawi, malinga ngati ma shock akadali abwino ndipo misewu yanu si yoipitsitsa. Kukweza bodi kusiyireni mwini galimoto yakale yopanda ma airbag amene akufuna malo a tayala ndipo wapeza zipangizo zathunthu za mtundu wa galimoto yake, ndipo asapitirire mamilimita 25 popanda chifukwa chenicheni.

Njira yachisanu ndi ya munthu amene ali ndi galimoto ina yoyendera tsiku ndi tsiku, amene galimoto yake ya kutchire ili ndi ekiselo yathunthu kutsogolo, ndiponso amene ali ndi ndalama zomalizira ntchito yonse mpaka magiya a m'difu ndi mabuleki. Pa Prado kapena Fortuner ya banja, yonyamula ana kupita kusukulu, sindiivomereza.

Mwini RAV4, X-Trail kapena CR-V asayembekezere zambiri pa kukweza, chifukwa magalimoto amenewa alibe giya yotsika ya 4L ndipo mikono yake siilola kupendekeka kwambiri. Matayala a A/T a saizi yomweyo ndi chitsulo chotchinga pansi pa injini ndi zokwanira, ndipo ngati msewu wakwanu ukufuna zoposa pamenepo, ndalamazo zisungidwe zogulira galimoto ya chesesi. Mwini Pajero ya bodi ndi chesesi zophatikizana angakweze masipuling'i ndi mamilimita pafupifupi 40, ndipo popeza difu zake zonse ziwiri zimamangidwa ku bodi, pa galimoto imeneyi kukwezako kumakwezanso difu yakumbuyo, koma ma CV joint oti aziyang'aniridwa amakhala kutsogolo ndi kumbuyo komwe.